Zilumba za Åland, Kumene Amawerenga Zisa za Agulugufe

Pakati pa dziko la Sweden ndi dziko la Finland pali nyanja yamchere yotchedwa Baltic, ndipo m'nyanja imeneyi mwamwazikana zilumba zoposa 6,700 zimene zonse pamodzi amazitcha Åland. Eni ake potchula dzinali amamveka ngati akuti "Olandi". Zambiri mwa zilumbazi ndi matanthwe chabe ongotundumuka pamwamba pa madzi, pogona mbalame. Zimene pamakhala anthu ndi 60 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo anthu onse tikawaphatikiza ndi pafupifupi 30,000 basi. Awerengi amene munakwerapo Ilala kupita ku Likoma kapena ku Chizumulu mukudziwa mmene chilumba chimatulukira m'madzi pang'onopang'ono munthu atayenda maola ambiri osaona mtunda. Kumeneko zinthu n'zosiyana. Sitima ikanyamuka padoko la Turku ku Finland imangokhotakhota pakati pa zilumba kwa maola pafupifupi asanu, monga munthu wodutsa pakati pa nyumba za m'mudzi wothinana, kufikira itakocheza pa Mariehamn, tauni yokhayo ya ku Åland.

Zilumbazi zili pansi pa Finland, koma anthu ake amalankhula chinenero cha ku Sweden. Chiyambire chigamulo cha bungwe la League of Nations m'chaka cha 1921 amadzilamulira okha pa zinthu zambiri: ali ndi nyumba yawo ya malamulo, mbendera yawo ndi masitampa awo. Asilikali saloledwa kumangako misasa, ndipo pangano limeneli linayamba m'chaka cha 1856, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene ankhondo a Britain ndi France anagumula linga la Bomarsund limene boma la Russia linkamanga kumeneko. Mabwinja a lingalo tinawaona. Tinaonanso chombo chachikulu cha matanga chotchedwa Pommern, chomangidwa m'chaka cha 1903, chimene chinkanyamula tirigu kuchokera ku Australia ndipo tsopano chinangokocheza padoko kuti alendo azichiona. Koma ulendo wathu sunali wa malinga kapena zombo ayi. Tinapitira gulugufe.

Tikudziwa kuti ena mwa inu museka. Kwathu kuno gulugufe n'choseweretsa cha ana, ndipo munthu wamkulu wothamangitsa gulugufe anthu amamuyang'ana kawiri. Maganizo amenewa si athu tokha. Gulugufe amene tikunenayu akatswiri amamutcha Melitaea cinxia, koma pa Chingerezi ndi Glanville fritillary, dzina lochokera kwa mayi wina wa ku England, Eleanor Glanville, amene anamwalira m'chaka cha 1709. Mayiyu ankakonda kusonkhanitsa agulugufe ndi mbozi zawo. Atamwalira, achibale ake polimbirana chuma anapita kubwalo la milandu kukanena kuti wilo yake isagwire ntchito popeza munthu wamutu wake wabwinobwino sangamayende m'tchire kusaka agulugufe. Wiloyo inathetsedwadi. Lero amene anatenga chumacho aiwalika, dzina la mayiyo n'limene likuuluka m'mabusa a ku Ulaya.

Tinafika m'mwezi wa Juni, nyengo imene dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 10 koloko usiku ndi kutulukanso anthu asanagone tulo tokwanira. Misewu yake ndi yofiirira chifukwa amaimanga ndi miyala ya konko, imene ndi yofiira. Kuchoka ku Mariehamn tinayenda panjinga, pakuti dzikolo ndi lachidikha, lopanda zitunda zotopetsa. Kumanzere munda wa tirigu, kumanja nkhalango ya paini, kutsogolo minda ya maapozi, kenaka kamlatho kowolokera chilumba china. M'midzi ina anali akukongoletsa milongoti italiitali ndi masamba ndi maluwa, kukonzekera chikondwerero chawo cha pakati pa chilimwe.

Malo a gulugufe wathu munthu wosauzidwa angawadutse osawaona. Ndi timabusa touma, ting'onoting'ono, nthawi zambiri pamene thanthwe layandikira pamwamba ndipo dothi ndi lochepa kotero kuti khasu silingalowe. Kena kali kuseri kwa khola, kena pamphepete pa msewu, kena pakati pa munda pamene mlimi analephera kulima chifukwa cha miyala. Tambiri mwa timabusati sitifika ndi hekitala imodzi yomwe, ndipo tina n'tochepa kuposa bwalo la pakhomo. Pamenepo pamamera zitsamba ziwiri zimene mbozi za gulugufeyu zimadya. China ndi Plantago lanceolata, cha masamba aatali osongoka ngati mkondo, omera mozungulira pansi penipeni. Chinzake ndi Veronica spicata, chotulutsa maluwa abuluu oima ngati ngala ya mchewere. Popanda chimodzi mwa ziwirizi gulugufeyu saikira mazira, ngakhale udzu utakhala wobiriwira chotani.

Tinamuona tsiku lachiwiri, dzuwa litakwera. Ndi wamng'ono, mapiko ake akatambasula ndi masentimita atatu kapena anayi, ofiirira ngati njerwa yootcha ndipo ali ndi timizere takuda topingasana ngati maso a ukonde. Akatseka mapiko, kunsi kwake kumaoneka mizere yoyera ndi yofiirira yokhala ndi timadontho takuda. Sauluka pamwamba. Amangoyenda chamunsimunsi, kutera paduwa, kunyamukanso, ndipo mtambo ukaphimba dzuwa amakhala phee pa udzu mpaka litawalanso. Kunena zoona, tili nawo agulugufe okongola kuposa ameneyu m'mphepete mwa mitsinje yathu. Kutchuka kwake sikuchokera ku maonekedwe.

Moyo wake umayenda motere. Wamkazi amaikira mazira mulu umodzi kunsi kwa tsamba, mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi. Pakapita masabata awiri kapena atatu timbozi timaswa, ndipo sitibalalika ayi. Timaluka ulusi wonga wa kangaude kuzungulira chitsambacho n'kumadyera limodzi m'katimo, ana a mayi mmodzi. Chilimwe chikamatha timaluka chisa cholimba, choyera, chachikulu ngati chibakera cha mwana, pansi pa udzu, ndipo m'menemo timagona miyezi yonse yozizira, chipale chitakwirira dziko. Cha mu Epulo chipale chikasungunuka mbozi zimatuluka, zakuda, zamitu yofiira, n'kumaothera dzuwa zitaunjikana. Mu Meyi iliyonse imapita payokha kukadzikulunga, ndipo mu Juni gulugufe amatuluka. Akatuluka masiku ake ndi owerengeka, sabata imodzi kapena ziwiri, mwina kupitirira pang'ono. Choncho pa miyezi khumi ndi iwiri ya moyo wake, nthawi yokhala ndi mapiko ndi kachigawo kochepa zedi, ndipo ulendo uliwonse umene mtunduwu ungayende uyenera kuchitika m'masiku amenewo.

Chisa choyeracho n'chimene chinakopa katswiri wina wa pa yunivesite ya Helsinki, Ilkka Hanski, amene anayamba kufufuza gulugufeyu ku Åland m'chaka cha 1991. Kuwerenga agulugufe ouluka n'kovuta, koma chisa sichithawa, ndipo munthu wamaso akuthwa amachiona. Kuyambira m'chaka cha 1993, mwezi wa Seputembala uliwonse ophunzira oposa 50 amatumizidwa awiriawiri kukayendera timabusa tonse timene tinalembedwa pamapu, pafupifupi 4,000, m'dera lotalika makilomita 70 ndi kutambalala makilomita 50. Kwa masabata awiri amayenda chowerama, kupenya pansi, kulemba chisa chilichonse ndi pamene chili. Chipale chikasungunuka ena amabwereranso kukaona kuti ndi mbozi zingati zapulumuka. Ndi kalembera weniweni, wochitika chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 30.

Zimene kalemberayu anaonetsa n'zimene tikufuna kuti mumvetse, awerengi, pakuti ndiye mutu wa nkhani yonse. Pa timabusa 4,000 tija, timene timapezeka ndi zisa m'chaka chimodzi ndi mazana ochepa chabe, kawirikawiri ngati 500. Tambiri mwa itoti timakhala ndi chisa chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Gulu laling'ono chotero silichedwa kutha: ng'ombe yaponda chisa, dzuwa lawotcha chitsamba, mbozi zonse zafa, basi pabusapo patha. Chaka chilichonse magulu pafupifupi 100 amatha motero. Koma chaka chomwecho magulu ena ochuluka chimodzimodzi amayamba pa timabusa timene chaka chatha tinali topanda kanthu, chifukwa wamkazi mmodzi wochokera kwina wateraponso n'kuikira mazira. Palibe busa ngakhale limodzi limene munthu angaloze kuti apa ndiye pachimake, gulugufeyu sadzathapo. Komabe mtunduwo sukutha.

Agogo athu akanaimva msanga nkhaniyi. Kale machesi asanachuluke, moto m'mudzi unkasungidwa ndi mudzi wonse. Palibe nyumba imene moto wake sunkazima. Ukazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi, ndipo mawa lake anansi omwewo ankabwera kudzapala kwa inu. Usiku uliwonse nyumba zina zinali ndi moto, zina zinalibe, koma m'mudzimo moto sunkatha. Taganizani tsono za munthu amene wamanga yekha kutsidya kwa phiri. Nkhuni ali nazo, mafuwa ali nawo, koma tsiku limene moto wake uzime, wazimiratu. Akatswiri ali ndi liwu lawo la Chingerezi lonena za magulu ang'onoang'ono opalirana moto chotere, lakuti metapopulation. Analiyambitsa ndi Richard Levins wa ku America cha m'ma 1969 ndi 1970, koma iye anangozilemba m'masamu. Hanski ndi anzake ndiwo anakazipeza zikuchitika pansi, busa ndi busa.

Kuyambira pamene tinamvetsa zimenezi, mayendedwe athu anasintha. Tikafika pa kabusa kokhala ndi zitsamba zija koma kopanda gulugufe ngakhale mmodzi, sitinkakayesanso malo achabe. Ndi nyumba imene moto wazima dzulo ndipo ukhoza kuyakanso mawa. Mlimi kapena womanga msewu akafafaniza kabusa kotero amaona ngati sanaphe kanthu, ndipo n'zoona kuti tsiku limenelo sanaphe kanthu. Koma wachotsa potera, watalikitsa mtunda pakati pa timabusa totsala. Pano m'pamene pali vuto, chifukwa gulugufeyu si wamaulendo. Ofufuza ankagwira agulugufe, kuwalemba nambala pa phiko ndi cholembera, kuwamasula, n'kumawasakanso masiku otsatira. Anapeza kuti ambiri amafera pabusa pomwe anabadwira kapena pafupi, mamita mazana angapo. Ena amafika kilomita imodzi kapena ziwiri. Opitirira pamenepo ndi osowa kwambiri. Nkhalango yothinana imawabweza, nyanja imawameza.

Atayerekeza madera osiyanasiyana a ku Åland anaona chinthu china chodetsa nkhawa. Kumene timabusa tili tambiri ndi toyandikana, gulugufe amapezeka chaka ndi chaka. Kumene tili tochepa ndi totalikirana sapezeka konse, ngakhale kuti kabusa kalikonse pakokha n'kabwinobwino. Ndiye kuti pali malire. Malo akamachepa, mtundu suchepa pang'onopang'ono mpaka kabusa komaliza ayi. Umafika pena pamene magulu akutha amaposa magulu oyamba, ndipo kuchokera pamenepo umangotsetsereka. Choopsa n'chakuti kutsetserekako kumatenga zaka. Anthu amaonabe agulugufe akuuluka n'kumati zonse zili bwino, osadziwa kuti mlandu unagamulidwa kale. Akatswiri amati imeneyi ndi ngongole: malo munawononga kale, kulipira kwake kudzabwera pambuyo, mwina kwa ana anu. Kumtunda kwa Finland gulugufe yemweyu ankapezeka kumwera chakumadzulo, koma anatha m'zaka za m'ma 1970. M'dziko lonselo watsala ku Åland kokha.

Nanga ndani amapita kukapala motowo? Funso limeneli linatikondweretsa kuposa ena onse. Agulugufe a mtundu umodzi sali chimodzimodzi. Ofufuza anatsekera agulugufe m'kabotolo mmodzimmodzi, kuwaulutsa m'menemo n'kuyeza mpweya umene akutulutsa, ndipo anapeza kuti ena ali ndi injini yamphamvu kuposa anzawo. Kusiyanaku n'kwa chibadwa, kochokera kwa makolo, ndipo anakulondola mpaka pa kachigawo ka chibadwacho kotchedwa Pgi, kokhudza mmene thupi limasandutsira shuga kukhala mphamvu. Anafika pomata kawaya kopepuka pamsana pa gulugufe kuti makina a radar azimutsata kulikonse kumene wapita. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2008, zinaonetsa kuti aakazi ochokera m'magulu ongoyamba kumene amayenda mtunda wautali kuposa ochokera m'magulu akalekale. N'zomveka: gulu latsopano linayambitsidwa ndi mayi woyendayenda, ndipo ana atengera mayi wawo. Motero dziko likamagawikagawika limasankha lokha mtundu wa gulugufe amene apitirire.

Woyendayo sabweretsa moto wokha, amabweretsanso magazi achilendo. Pa busa pamene pali chisa chimodzi, agulugufe onse otuluka m'menemo ndi a bere limodzi, ndipo ngati sipafika mlendo amaberekana okhaokha, mlongo ndi mlongo wake. M'chaka cha 1998 Ilik Saccheri pamodzi ndi Hanski ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atayeza magulu 42. Asanu ndi awiri mwa maguluwo anatha chisanathe chaka, ndipo kawirikawiri anali amene chibale chinali chitathinana kwambiri. Mazira ake ambiri sankaswa, mbozi zinkafa msanga, ndipo aakazi sankakhala moyo masiku okwanira kuikira mazira onse. Alimi a nkhuku ndi mbuzi amadziwa kale kufunika kobwereka tambala kapena tonde kwa anansi, koma aka kanali koyamba kuti zisonyezedwe poyera kuti zimenezi zimathetsa magulu a zamoyo zakutchire.

Pali chilumba china chimene sitinafikeko, pakuti chili kutali kum'mawa, m'chigawo cha nyanja chotchedwa Gulf of Finland, ndipo tsopano chili m'manja mwa Russia. Anthu a ku Finland amachitcha Pieni Tytärsaari. Kumeneko gulu la agulugufe omwewa, pafupifupi 100 okha, linakhala lokhalokha kwa zaka zosachepera 75. Ofufuza atawayeza anapeza kuti ndi ofooka pa zambiri, pouluka ndi pobereka pomwe. Koma atawakwatitsa ndi a kwina, ana awo anabadwa amphamvu nthawi yomweyo, m'badwo woyamba womwewo. Chinthu chimodzi chokha n'chimene a pachilumbapo ankaposa nacho anzawo: kugwiritsa. Zikhadabo zawo zinali zopindika kwambiri, ndipo akawapemerera mphepo sankachoka msanga pamene agwira. Pa chilumba chaching'ono champhepo, gulugufe wosagwiritsa amathera m'nyanja.

Asodzi a kwathu sangadabwe nazo kwambiri izi. Mbuna za m'nyanja yathu zimakhala m'miyala, ndipo zambiri sizifuna kudutsa pamchenga poyera kapena pamadzi akuya. Miyala ya pa Thumbi, ya pa Mbenji ndi ya pa Likoma kwa mbuna ili ngati timabusa ta ku Åland kwa gulugufe, ndipo n'chifukwa chake mbuna za pa miyala ina zimasiyana mtundu ndi za pa miyala ina, mpaka zina sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma pa chilumba chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti miyala ya m'nyanja inagawika kalekale ndipo imakhalitsa, pamene kabusa ka gulugufe kakhoza kutha m'zaka khumi zokha.

Tsiku lina tinakwera sitima yaing'ono ya pakati pa zilumba kupita ku Sottunga, kum'mawa kwa chilumba chachikulu. Anthu a kumeneko ndi pafupifupi 100, ndipo ndi dera lodzilamulira lokhala ndi anthu ochepa kuposa ena onse m'Finland. Ndi malo achete, a nyumba zamatabwa zopaka utoto wofiira, kumene phokoso lalikulu ndi la mbalame za m'nyanja. Pa Sottunga panali timabusa tabwino koma panalibe gulugufeyu, chifukwa nyanja ya pakatipo ndi yotambalala kuposa mphamvu ya mapiko ake. M'chaka cha 1991 ofufuza anatengako mbozi kuchokera ku chilumba chachikulu n'kukazisiya kumeneko kuti aone mmene mtundu umafalikira pamalo atsopano. Chimene sanadziwe n'chakuti m'mimba mwa mbozi zina munali alendo.

Alendowo ndi kamavu kakang'ono kotchedwa Hyposoter horticola. Mavu amenewa ali ndi khalidwe lodabwitsa. Wamkazi akapeza mulu wa mazira a gulugufe sachita changu. Amauloweza pamene uli n'kumabwera kudzauzonda masiku angapo, kudikira nthawi imene timbozi takhwima m'kati koma tisanaswe, ndipo pamenepo amabaya dzira n'kuikira lake m'thupi la kambozi. Mbozi imakula, imagona m'chisa miyezi yozizira, imadya mu Epulo, koma pomaliza chotuluka si gulugufe, ndi mavu. Pa mulu uliwonse amabaya pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, otsalawo n'kuwasiya. Ndipo mavuwa nawo ali ndi wowadya, kamavu kena kochepa kwambiri ka mtundu wa Mesochorus, kamene kamaikira dzira lake m'mwana wa mavu ali m'kati mwa mbozi. Onsewa anawoloka nyanja m'chombo chimodzi, ndipo ofufuza atayeza patapita zaka zambiri anapeza kuti mbumba ya mavu oyambawo inali ikadalipo pa Sottunga. Pali mavu enanso otchedwa Cotesia melitaearum amene amadya mbozi zomwezi koma sauluka patali ngati mnzawo uja. Amenewa amapezeka kokha kumene magulu a agulugufe ali ambiri ndi oyandikana. Dziko likagawika, wodya ndiye amayamba kutha wodyedwa asanathe.

Pobwerera ku chilumba chachikulu tinayamba kuyang'ana mabusawo ndi maso a mlimi, ndipo tinaona kuti si malo achilengedwe monga mmene tinkaganizira. Anawapanga ndi ng'ombe, nkhosa ndi zikwakwa za anthu kwa zaka mazanamazana. Ziweto zikachoka, udzu wautali umaphimba zitsamba zija, kenaka zitsamba zaminga ndi timitengo zimalowa, ndipo pakapita zaka busa lasanduka nkhalango. M'zaka 100 zapitazi ulimi wa kumeneko, monga ku Ulaya konse, unasintha: makola ang'onoang'ono ambiri anatsekedwa, ziweto zinasonkhanitsidwa m'mafamu akuluakulu ochepa, ndipo timabusa ta pamiyala tinasiyidwa. Malo ena tinkachita kuona mpanda wakale wa miyala uli pakati pa mitengo, umboni wakuti apa panali podyetsa. Pa Nåtö, kumwera kwa Mariehamn, pali malo otetezedwa kumene amasamalirabe mabusa a pansi pa mitengo monga ankachitira makolo awo, kumweta udzu, kusadza nthambi ndi kulowetsa ziweto pa nyengo yake, ndipo maluwa ake ndi ochuluka zedi. Komatu nkhani ya ziweto ili ndi mbali ziwiri. Zikachuluka pa kabusa kamodzi zimadya zitsamba mpaka pansi ndi kuponda zisa, gulu n'kutha. Zikachokeratu, busa lenilenilo limatha. Ife tikuona kuti woteteza gulugufe kumeneko sangathe kanthu popanda mwini ng'ombe, ndipo mpanda wotsekera anthu kunja, umene ambiri amayesa kuti ndiko kuteteza chilengedwe, pano ungaphe chimene ukufuna kusunga.

Pali ngozi ina imene kupalana moto sikungaithetse. Njira imeneyi imayenda bwino ngati nyumba zonse sizizimitsa moto usiku umodzi. Kale nyengo ku Åland inkasiyanasiyana: kumpoto kukauma, kumwera kunkagwa kamvula, ndipo opulumuka kumwera ankadzazanso kumpoto. Kalembera uja waonetsa kuti m'zaka zapitazi magulu a m'madera onse ayamba kukwera ndi kutsika pamodzi, chifukwa nyengo nayo yayamba kufanana pazilumba zonse. M'chaka cha 2018 kumpoto kwa Ulaya kunagwa chilala choopsa. Pa dothi lochepa la pamatanthwe zitsamba zinauma mu Julayi, nthawi imene timbozi tangoswa kumene ndipo sitingathe kukwawa patali kukasaka chakudya. Pofika Seputembala ophunzira anapeza zisa zochepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kalemberayo. Gulugufeyo sanatheretu. Koma chilalacho chinaonetsa kuti kuchuluka ndi kuyandikana kwa timabusa pakokha sikukwanira. Pafunikanso kuti tikhale tosiyanasiyana, tina poyera padzuwa, tina pamthunzi pang'ono kapena pa dothi lakuya losunga chinyontho, kuti chaka choipa chisatenge onse.

Hanski sanaone chilala chimenechi, pakuti anamwalira m'chaka cha 2016 ali ndi zaka 63, atalandira mphoto ya Crafoord m'chaka cha 2011 chifukwa cha ntchito imeneyi. M'zaka zake zomaliza ankalimbana kwambiri ndi nkhani ya nkhalango za ku Finland, ndipo zimene anaphunzira kwa gulugufe anaziika m'langizo losavuta kukumbukira. Anati ngati dziko lingathe kupatula gawo limodzi mwa magawo khumi a malo ake, lisamwaze tizidutswa ponseponse mofanana, pakuti tidzakhala totalikirana ndipo palibe kadzathandize kanzake. M'malo mwake lisankhe madera okwana limodzi mwa magawo atatu a dzikolo, ndipo m'madera amenewo lisunge limodzi mwa magawo atatu a malo, anthu akulima ndi kukhala m'magawo awiri otsalawo. Kukula kwa malo osungidwa n'komweko, koma tizidutswato timakhala moyandikana. Langizoli ndi la dziko losauka malo, kumene sikungatheke kusamutsa midzi kuti pakhale nkhalango imodzi yaikulu, ndipo ife tikuliona kuti ndi lanzeru kuposa kudikira malo aakulu amene sadzapezeka.

Ntchito ya kalembera inapitirira m'manja mwa amene iye anawaphunzitsa, motsogozedwa ndi Marjo Saastamoinen wa pa yunivesite yomweyo ya Helsinki. Ife tinachoka ku Mariehamn kumapeto kwa Juni pa sitima yopita ku Stockholm, agulugufe atayamba kuchepa ndipo otsalawo mapiko atathetheka m'mbali. Pa kabusa kena pafupi ndi msewu wa kudoko tinagwada n'kutembenuza masamba a Plantago limodzilimodzi. Kunsi kwa tsamba lina kunali mulu wa timazira tachikasu, tothinana ngati mazira a nsomba, tonse pamodzi osaposa chikhadabo cha chala chaching'ono.